DR. ROBERT LAWS WA KU KHONDOWE (1851-1934)

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi mseu waukulu wopita ku Chipata, kuli mudzi waukulu dzina lace Kaunda Square. Mwana ali yense wa sukulu wa m'menemo adziwa kuti dzinali ndi la Dr. Kenneth Kaunda, Pulezidenti woyamba wa dziko la Zambia. Ena adziwanso kuti atate wace, David Kaunda, amene dzina lace lili pa sukulu ina yochuka ya mumzinda womwewo, anali mphunzitsi wocokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Koma ndi owerengeka okha amene angathe kusimba za sukulu imene inaphunzitsa mphunzitsiyo ndi kumtuma ku dziko la Abemba, kapena za munthu amene anaimanga pa phiri la Khondowe. Munthuyo ndiye Dr. Robert Laws, amene anagwira nchito m'mbali mwa Nyanja ya Nyasa zaka 52, monga sing'anga, mbusa, mmisiri ndi mphunzitsi.

Robert Laws anabadwa pa 28 May, 1851, mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, wopala mipando ndi makabati, ndipo mai wace anamwalira iye akali wamng'ono. Pakhomo panalibe cuma. Cotero mnyamatayo anayamba waphunzira nchito ya atate wace, namagwira ncitoyo usana ndi kupita ku sukulu madzulo, kufikira analowa m'Yunivesite ya Aberdeen. Sanakhute ndi maphunziro a mtundu umodzi: anatsiriza maphunziro wamba a pa yunivesite, naphunziranso za ubusa ndi za using'anga. Pofuna ndalama zolipirira zonsezi anagwira nchito yoceza ndi odwala m'zipatala za nthomba ku Glasgow, ndipo iye mwini anadwala nthombayo, koma anacira. Zimene anaphunzira ndi manja pa ubwana wace sanazinyoze atakhala dotolo, ndipo zinaonekera m'nchito yace yonse ya m'tsogolo.

David Livingstone anamwalira m'caka ca 1873 pa mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo mtembo wace unaikidwa ku London caka cotsatira. Pamenepo Dr. James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti utsegule Misyoni ku Nyanja ya Nyasa monga cikumbutso ca Livingstone, ndi kuti dzina lace likhale Livingstonia. Ulendo unanyamuka m'caka ca 1875. Mtsogoleri wace anali E. D. Young, munthu wodziwa za pamadzi. Laws, wa zaka 24 zokha, ndiye anali mbusa ndi sing'anga wa gululo.

Anatenga sitima yaing'ono yacitsulo imene anaicha Ilala, dzina la dziko limene Livingstone anaferako. Anaimanga pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo mtsinje wa Shire kufikira pa mathithi. Apo sitima siikanatha kupyola. Anaiphwasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazana ambiri, otumidwa ndi mafumu a Amakololo, anasenza zitsulozo pamutu ndi pa mapewa, nayenda nazo m'njira ya miyala ndi yotentha kufikira kumtunda kwa mathithi. Sipanasowe kanthu ngakhale kamodzi. Posimba za ulendowu anthu amakonda kuchula Azungu okha, koma popanda amtengatenga aja Ilala akadatsala kunsi kwa mathithi. Pa 12 October, 1875, sitimayo inalowa m'Nyanja.

Malo oyamba anali ku Cape Maclear, m'dziko la Mfumu Mponda. Kumeneko, m'caka ca 1876, Laws anagonetsa mnyamata wina ndi mankhwala a chloroform, namcotsa cotupa cimene cinali pafupi ndi diso. Mbiri ya munthu amene anacekedwa ndi mpeni osamva kuwawa inafika kutali, ndipo odwala anayamba kubwera. Koma pa zina malowo anali oipa. Malungo anali ambiri, minda inali yocepa, ndipo midzi inali patali. Anzace anayamba kufa mmodzimmodzi: Dr. William Black, Shadrach Mngunana wa ku Lovedale, John Gunn ndi ena. Zitapita zaka zoposa zisanu munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, ndiye anabatizidwa, m'caka ca 1881. Munthu wina akadalongedza katundu ndi kubwerera kwao. Laws, amene tsopano anali mkulu wa Misyoni, anasamutsira nchito ku Bandawe, pakati pa Atonga, caka comweco.

Ku Bandawe zinthu zinasintha. Atonga anali kukhala mwamantha m'malinga cifukwa ca nkhondo za Angoni a M'mbelwa a kumapiri, ndipo anyamata ao analandira sukulu ndi manja awiri. Laws anazindikira kuti sukuluzo sizingakhazikike ngati palibe mtendere ndi Angoni, cotero anakwera kukaonana nao. Pa nchito imeneyi munthu amene anamthandiza koposa anali William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wocokera ku Lovedale, amene cinenero cace cinali pafupi ndi Cingoni. Koyi anakhala pa Njuyu zaka zingapo, osaloledwa kutsegula sukulu, akungopirira ndi kuceza ndi mafumu. Cilolezo cinaperekedwa m'caka ca 1886, caka comwe iye anamwalira.

M'zaka zomwezi Laws anagwira nchito yaikulu pa Cinyanja. Anamasulira Cipangano Catsopano, cimene cinasindikizidwa m'caka ca 1886, ndipo m'caka ca 1894 anaturutsa buku la mau a Cingelezi ndi Cinyanja. Anakwatira Margaret Gray, mnzace wa pa ubwana, ku Blantyre m'caka ca 1879. Mwa ana ao mmodzi yekha, Amelia, ndiye anakula. Ena onse anamwalira ali makanda. Mai Laws anaphunzitsa atsikana ndi amai zaka zambiri, namwalira m'caka ca 1921.

Koma cinthu cimene Laws anacikhumba kuposa zonse cinali cina. Sukulu za m'midzi zinali kuculuka, ndipo aphunzitsi ace anali anyamata ongodziwa kuwerenga ndi kuwerengera pang'ono. Iye anafuna malo amodzi kumene ana anzeru a m'sukulu zonsezo akasonkhane ndi kuphunzira zonse zimene mwana wa ku Scotland akanatha kuphunzira. Anayenda m'mapiri kufunafuna malo ozizira, opanda malungo, okhala ndi madzi ndi mitengo, ndipo m'caka ca 1894 anasankha Khondowe, cidikha ca pamwamba pa phiri coyang'ana ku Nyanja, kumpoto kwa Bandawe. Sukuluyo inalandira dzina lakuti Overtoun Institution, cifukwa ca Lord Overtoun, mwini cuma wa ku Scotland amene anapereka ndalama zambiri.

Apa ndi pamene mwana wa mmisiri uja anaonekera. Laws sanasiyanitse maphunziro a m'mutu ndi maphunziro a manja monga ngati ena ndi apamwamba ndi ena apansi. Pa Khondowe panali kalasi la aphunzitsi, la abusa, la othandiza m'cipatala ndi la makalaliki. Panalinso nyumba zophunzirira ukalipentala, kuumba njerwa, kusema miyala, kusula, kusindikiza mabuku ndi kulima. Pamene kampani ya Cecil Rhodes inali kumanga waya wa telegrafu m'mbali mwa Nyanja, iye anayambitsa kalasi lophunzitsa anyamata kutumiza ndi kulandira mau pa wayayo, ndipo anyamatawo anapeza nchito. Madzi anawakoka m'mipope yacitsulo kucokera ku mapiri a kutali, nafika pa sukulu m'caka ca 1904. Caka cotsatira makina oyendetsedwa ndi madzi a mtsinje wa Manchewe anayamba kupanga magetsi, amene anaunikira m'nyumba ndi kuyendetsa makina oceka matabwa ndi opera ufa. Masiku amenewo ngakhale ku Ulaya midzi yambiri inali kuunikabe ndi nyali za mafuta. Ndipo popeza katundu yense anali kufika pa sitima, anasema mseu wokwera phiri kucokera kunyanja, wa makhwawa ndi zokhota pafupifupi 20, umene anthu amayendamo kufikira lero. Zonsezi anazimanga ndi amisiri akuda ophunzitsidwa pomwepo, iye mwini akuyesa ndi kuwerengera, kawirikawiri usiku atatha kuona odwala.

Nchito yotere inadya ndalama zambiri, ndipo si onse anakondwera nayo. Amisyoni anzace ena, makamaka Donald Fraser wa ku Loudon, anaona kuti cuma cimene cinali kupita pa phiri limodzi cikanathandiza sukulu mazanamazana za m'midzi, kumene ana anali kukhala pa mitengo ndi kulemba pa mcenga. Mlandu umenewu mphunzitsi ali yense wa kumudzi audziwa bwino, pakuti sunathe. Panalinso vuto lina. Kumpoto kwa Nyasaland kunalibe nchito zokwanira anthu ophunzira cotero; motero makalaliki ndi amisiri a ku Khondowe anamwazikana, ena ku Southern Rhodesia, ena ku migodi ya ku Katanga ndi ya ku Northern Rhodesia, ena ku South Africa. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie, amene anatsiriza maphunziro ace m'caka ca 1913, anayambitsa bungwe la anchito la I.C.U. ku Cape Town m'caka ca 1919, limene linakula ndi kudetsa nkhawa Boma la kumeneko. Nayonso ndalama ya sukulu imene Misyoni inayamba kulipiritsa inakhumudwitsa ena. Elliot Kamwana anacoka, ndipo pobwera m'caka ca 1908 ndi ciphunzitso ca Watch Tower anabatiza Atonga zikwi zambiri m'miyezi yowerengeka.

Pa za dziko Laws sanali munthu wofuula, koma sanakhalenso cete. Kuyambira m'caka ca 1912 anakhala zaka zingapo m'Bwalo la Malamulo ku Zomba, m'mene munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, ndipo Mmisyoni ndiye anayesedwa wolankhulira anthu a m'dziko. Iye anaona kuti zimenezi sizikwanira. Pamene ophunzira ace akale anayamba kupangana za kukhala ndi mabungwe ao, anawalimbikitsa, nawalangiza kuti azisonkhana poyera, azilemba zokambirana zao m'buku, ndi kutumiza madandaulo ao kwa Boma mwa dongosolo. Bungwe loyamba, North Nyasa Native Association, linayamba ku Karonga m'caka ca 1912, ndipo Levi Mumba anali mlembi wace. Ena anatsatira: la West Nyasa m'caka ca 1914, la Mombera m'caka ca 1920. Anali kukamba za msonkho, za sukulu, za miseu, za mitengo ya zokolola, ndi za cipongwe cimene anthu anali kucitidwa m'maofesi. Zinaoneka ngati zazing'ono, ndipo Boma kawirikawiri linangosunga makalata ao osayankha. Koma m'menemo ndimo anthu anaphunzira kuyendetsa msonkhano ndi kutsutsana ndi Bwanamkubwa pa pepala. Pamene Nyasaland African Congress inayamba m'caka ca 1944, Levi Mumba yemweyo ndiye anasankhidwa kukhala mtsogoleri wace woyamba.

Tsono kumadzulo. Misyoni ya Livingstonia siinasamale malire a maiko amene Azungu anali kulemba. Inatsegula Mwenzo m'caka ca 1894, pambuyo pace Chitambo, ndiponso Chasefu m'dera la Lundazi. M'caka ca 1904 gulu la ophunzira a ku Khondowe linatumidwa kukalalikira kwa Abemba, ndipo mmodzi wa iwo anali David Kaunda. Caka cotsatira anabwereranso, nakhazikika ku Chinsali pamodzi ndi mkazi wace Helen, amenenso anali mphunzitsi. Anali alendo, a cinenero cina, kutali ndi kwao. Anatsegula sukulu, naphunzitsa anyamata amene anakatsegula zina m'midzi yozungulira, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu panalibe Mzungu wa Misyoni wokhala pamalopo. Pamene Mbusa Robert McMinn anafika kudzamanga Lubwa m'caka ca 1913, anapeza munda wolimidwa kale. David Kaunda, pamodzi ndi Donald Siwale, mnzace wa ku Khondowe, anatsogoleranso bungwe la Mwenzo Welfare Association m'caka ca 1923, lofanana ndi aja a ku Nyasaland, limene ambiri amaliyesa ciyambi ca mabungwe otere m'dziko la Zambia. Mwana wace wotsiriza, Kenneth, anabadwa pa Lubwa m'caka ca 1924, ndipo nayenso anayamba ndi uphunzitsi.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siikoma, ndipo kuibisa sikungakhale kulemekeza Laws. Munthu yemweyo amene anakhulupirira kuti mwana wa ku Africa angathe kuphunzira ciri conse, anacedwa kwambiri kukhulupirira kuti mwanayo atakula angathe kulamulira. Citsanzo comvetsa cisoni ndi Charles Domingo. Iyeyu anabwera ndi William Koyi kucokera ku Quelimane ali kamnyamata, naleredwa m'nyumba ya Laws momwe, nakhala mmodzi wa ophunzira oyamba ndi anzeru koposa a pa Khondowe. Anatsiriza maphunziro onse a ubusa, naloledwa kulalikira m'caka ca 1903. Koma sanadzozedwe. Caka ndi caka akulu a Misyoni anati nthawi siinakwane, pamene anyamata ofika kumene kucokera ku Scotland, osadziwa ndi cinenero comwe, anali kupatsidwa mipingo. M'caka ca 1908 Domingo anacoka, nakayambitsa mipingo ndi sukulu zace pakati pa Angoni, mwa umphawi waukulu, wopanda mabuku ndi masileti okwanira, akulemba makalata odzudzula Azungu a Misyoni, a Boma ndi a makampani pamodzi. Abusa oyamba akuda a Livingstonia, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'caka ca 1914, patapita zaka 39 cifikire Ilala. Ndipo mwa atatuwo Mwasi anacokanso m'caka ca 1933, nayambitsa mpingo wace. Ngakhale David Kaunda, amene anapirira osacoka, anadzozedwa m'caka ca 1930, atagwira nchito ku Chinsali zaka 25, ndipo anakhala mbusa zaka ziwiri zokha, namwalira m'caka ca 1932.

Mlandu umenewu si wa Laws yekha, pakuti zotere zinali kupangidwa m'misonkhano ya Amisyoni onse. Koma mau ace ndiwo anali olemera koposa m'misonkhanoyo, ndipo akadafulumiza iye ena akadatsata. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa mwambo wolimba, wofuna kuona kanthu kali konse ndi maso ace, kuyambira pa msomali kufikira pa maphunziro a abusa. Khalidwe limeneli ndilo linakweza madzi ndi magetsi pa phiri. Lomwelo ndilo linamlepheretsa kusiyira ana ace akulu nchito. Mphunzitsi amene anakhalapo ndi mwana wanzeru womposa m'kalasi adzamvetsa kuti yeseroli si la Azungu okha.

M'caka ca 1924 mipingo ya Livingstonia ndi ya Blantyre inagwirizana kukhala mpingo umodzi, Church of Central Africa Presbyterian, ndipo Laws anasankhidwa kukhala wapampando woyamba wa Sinodi. A ku Nkhoma analowamo m'caka ca 1926. Cinali cimwemwe cacikulu kwa nkhalambayo. Koma caka comweco ca 1924 cinabweretsanso cokhumudwitsa. Kunafika gulu la akatswiri a maphunziro la Phelps-Stokes, m'mene munali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, loyendera sukulu za kum'mawa ndi pakati pa Africa. Nzeru imene gululi linalimbikitsa inali yakuti maphunziro a munthu wa ku Africa ayenera kulingana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo, nchito za manja zosavuta. M'nzeruyo munali zabwino, ndipo sukulu za Jeanes, zophunzitsa aphunzitsi oyendera midzi, zinacokera m'menemo. Koma Azungu ambiri a minda ndi a Boma anaikonda pa cifukwa cina, pakuti munthu wophunzira pang'ono savuta kumlamulira. Laws pa nthawiyo anali kukonza zoti Overtoun Institution ikhale koleji, mbeu ya yunivesite ya m'tsogolo. Anzace a m'Misyoni sanamtsate, akulu a ku Scotland anakana ndalama, ndipo maganizowo anaikidwa pambali.

Anacoka ku Khondowe m'caka ca 1927, ali ndi zaka 76. Kwao analemba buku la zikumbutso zace, nalankhula m'mipingo za nchito ya ku Nyanja, namwalira ku London pa 6 August, 1934. Anaikidwa ku Aberdeen kumene anabadwira.

Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa m'caka ca 1965, ndi ya Zambia m'caka ca 1966, Kenneth Kaunda ali Pulezidenti. Ku Khondowe kwenikweniko anthu anadikira kufikira caka ca 2003, pamene Sinodi ya Livingstonia inatsegula University of Livingstonia, nicha malo a pa phiriwo dzina la Laws. Nyumba yace ya miyala ikalipo, ndipo m'menemo asungamo mabuku, zithunzi ndi zipangizo za masiku oyamba a Misyoni.